Zaka Zobwereka

Lawrence, Massachusetts
9 Marichi 2003

Achimwene a Radhamés,

Moni kwa inu, kwa alamu a Fiordaliza, ndi kwa ana anga awiriwo, Wandy ndi Chichí. Ine ndilipo, kungoti chisanu cha kuno chandilowa m'mafupa, ndipo manja ang'aluka ndi sopo wa kochapira nsalu za m'hotela. Kalatayi ndapatsira a Milagros amene akubwera kumeneko Lachitatu. M'katimu ndaikamo kangachepe. Mugulireko Wandy mazira ndi mkaka, zotsalazo za mpunga ndi nyemba.

Koma sindinalembe chifukwa cha ndalamazo. Munamva za filimu ija imene Nicanor analemba, mnzake wa malemu Fermín uja ankagona naye chipinda chimodzi pamene ankasewera besibo, mpira woponya ndi kumenya ndi ndodo uja, kuno ku America. Yatuluka. Aitchula kuti Mkono wa Kumanzere. Ndinapita ndekha Lachisanu, nditatchena ngati wopita ku Misa, ndili nazo zoti ndikaone mwamuna wanga akulemekezedwa. Dzina asintha, koma ndi iyeyo: nambala 47 kumsana, kupsompsona chala chachikulu asanaponye mpira, ngakhale kamluzu kake kaja. Nditatulukamo ndinasanza m'mbali mwa msewu anthu akuona.

Achimwene, ndimvereni. Chichí asaione filimu imeneyi. Muli zinthu zosayenera mwana. Musandifunse kuti ndi zinthu zanji, dzanja langa likukana kulemba. Mwanayo anali ndi zaka zisanu pamene bambo ake ankamwalira, ndipo mukudziwa nokha kuti mpaka lero amagona ndi malaya awo a timu pansi pa pilo. Chimene chandikhazikako mtima pansi n'chakuti andiuza kuti ikafika kumeneko idzakhala ya azaka 18 kupita m'tsogolo. Mulungu alipo ndithu. Chichí wanga ali ndi zaka 15, ndinamubereka ndine, pakhomo la kanema sadzamulola. Komabe muzimuyang'anira, pakamwa pake mpotsekemera.

Nanga Wandy, mkono uli bwanji? Tsiku la pa 2 Julayi, limene matimu a besibo a kuno amasainitsa anyamata, layandikira. Azimeta ndevu m'mawa uliwonse, ngakhale kawiri pa tsiku, ndipo asamatulutse mawu ake a besi aja pamaso pa anthu a timu. Akafunsidwa, ali ndi zaka 15 ndipo akwanitsa 16 mu Juni. Aloweze zimenezi ngati Atate Athu. Tonse tikuyang'anira mkono umenewo. Ine zaka zinayi zochapa nsalu zogonera za eni zandikwana, ndikufuna kubwerera kwathu.

Musandiyankhe izi pa foni ya ku golosale. A Casilda eni golosale amaima pompo n'kumapukuta botolo limodzimodzi mpaka munthu utamaliza.

Mlongo wanu,
Yudelka

Batey Miraflor, San Pedro
23 Marichi 2003

Mlongo wanga Yudelka,

Tonse tili bwino, kupatula njinga yanga yamoto imene yayamba kutsokomola ikaona chitunda. Okwera akumandifunsa ngati mtengo ukuphatikizapo kukankha. A Milagros anafika, envelopu ndalandira, zikomo.

Za filimuyo ndaseka mpaka alamu ako anandiopseza ndi chipande. Nkhani inafika kale kuno. Mwana wa a Casilda wa ku New York anaona kachidutswa kake kotsatsira pa TV, ndipo akuti muli mkazi wachizungu wosavala, mowa, ndi kutukwana kwa anyamata a m'basi ya timu. Ndiye zimene zakusanzitsazo? Mlongo, Fermín anali mwamuna, anali kutali ndi kwawo, ndipo wagona m'manda zaka khumi. Nsanje yochitira munthu wakufa imangowondetsa. Kutukwanako usadandaule nako, Chichí amamva koposa apo ine ndikaphulitsa tayala. Za kumapeto, za ngozi ya galimoto imene inapha bambo ake, akuzidziwa kale, alira pang'ono basi.

Koma pamene wandimaliza ndi pa zaka. Waiwala zimene tinachita ndi manja athu? Titaona kuti Wandy wapitirira msinkhu umene matimu amafuna, tinasinthanitsa mapepala a kubadwa a anyamatawa, monga achitira aliyense kuno amene Mulungu wamupatsa mwana wa mkono. Wandy wa zaka 18 anatenga a mng'ono wake n'kubwerera pa 15. Nanga zaka za Wandy ukuganiza zinapita kuti? Sizinagwere m'chimbudzi. Zili ndi Chichí. Mwezi watha anakatenga chitupa cha boma, chithunzi chake, zaka 18, ndipo wapeza nacho ganyu yosoka makolala ku fakitale. Akuyenda ngati tambala. Pakhomo la kanema adzalowa ngati bwana. Amene adzatsale panja ndi Wandy, ndi ndevu zake zonsezo. Kalatayi ukawerenga uiotche.

Filimu ifika m'tauni Loweruka pa 26 Epulo, ndipo mudzi wonse wasonkha za lole. Uyenera kumuona mwana wako. Malaya a bambo ake aja wawachapa, wawasita, wawapachika pa msomali, ndipo palibe wololedwa kuwakhudza. Aliyense akumufotokozera za foni yomaliza ija, mmene anauzira bambo ake kuti asabwere kumudzi mpaka atawaona pa TV. Dzulo ku golosale amvekere, "Mwaonatu, ababa anandimvera. Pa TV sanaoneke, koma aoneka pa chinsalu chachikulu kuposa nyumba ya a Casilda." A Casilda anamupatsa mkate waulere, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Wandy akuponya moto. Akugonabe kwa mphunzitsi wake wa besibo a Bienvenido m'tauni, amatuluka Loweruka lokha. Timu ija yamukonda, koma yatumiza munthu wofufuza zaka, a Peguero a ku likulu, wa nsapato zonyezimira. Wapita kusukulu, wapita ku tchalitchi, wafunsa amayi a pa mpope. Palibe watsegula pakamwa, poti nyumba iliyonse kuno ili ndi yake nkhani. Nsapato za mpira za Wandy zabooka ku chala. Ngati ungathe, saizi 12.

Mlongo wako,
Radhamés

Lawrence
4 Epulo 2003

Achimwene,

Moni ndilibe lero, mundikhululukire. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa masitepe, ndipo ndinangokhala pansi pompo. Ine mayi wopusa ine! Ndinkawerenga zaka za mwana wanga kuchokera tsiku limene ndinamubereka, n'kuiwala kuti wa pakhomo amawerenga za pa chitupa.

Dzulo ndinaimba ku golosale. Munamva nokha mmene zinalili. Foni ija chogwirira chinathyoka, mawu anga ankatulukira pa sipika golosale yonse ikumva, ndipo Chichí anali pomwepo akukuwa kuti, "Amayi, ndidalitseni!" Ndikananena bwanji? Ndinangoti mumulande chitupa, kenako ndinalira, inu n'kumaseka kuti ndasowa dzuwa. Ndiye ndilemba. Zaka khumi ndakhala ndi chinthuchi pammero.

Fermín sanafe pa ngozi ya galimoto. Anadzipha. Phewa lake linali litatha, ankabisa, ndipo timu inamuchotsa. Anamupatsa tikiti ya ndege yobwerera kumudzi. Madzulo amenewo anaimba foni kunyumba kuti andiuze kuti akubwera, koma mawu anamukanika. Anangofunsa za mvula ndi za ana. Kenako Chichí analanda foni, kamwana ka zaka zisanu, n'kunena mawu aja amene akunyadira lero, akuti asabwere mpaka atawaona pa TV. Fermín anaseka n'kuyankha kuti, "Chabwino, bwana wanga." M'mawa mwake Nicanor anamupeza m'chipinda. Bokosi linabwera lokhomerera, ndipo ine ndinauza aliyense za galimoto, kuti ansembe amuike ndi Misa ndiponso kuti ana anga asamalozedwe chala.

Sindikunena kuti mwanayo ndiye anapha bambo ake, Mulungu andimve. Munthu uja anali atasweka kale m'kati. Koma Nicanor anali m'chipindamo foni ikuimbidwa, anamva zonse, ndipo waziika mu filimu liwu ndi liwu. Mawu a mwana akumveka holo yonse. Kenako bamboyo akuika foni pansi, akung'amba tikiti, ndipo kamera siyang'ana kumbali, achimwene, ikuonetsa mpaka mapeto. Za mkazi wosavalayo ndilibe nazo ntchito, akanaika khumi. Chichí akadzaona zimenezo adzati ndi iye. Mwana amene amalira nkhuku ikamaphedwa uja adzasenza bwanji?

Chitani chilichonse. Bisani chitupacho, chiotcheni, mutumizeni ku El Seibo kwa azakhali sabata imeneyo, mumutsekere m'nyumba, munameni kuti ndadwala. Akudeni, palibe kanthu, chidani chimapola. Ndikanakwera ndege mawa lomwe, koma mukudziwa kuti ndilibe mapepala, ndikatuluka m'dziko muno sindidzalowanso, ndipo mudzadya chiyani mpaka Julayi?

Kalatayi sindingaiponye ku positi, ingatsegulidwe. Ndapatsira a Leoncio a ku tchalitchi kwathu kuno, amene akuuluka Lachiwiri. Alumbira kuti akupatsirani m'manja. Mundiyankhe msanga. Sindikugona.

Yudelka

Batey Miraflor
14 Epulo 2003

Mlongo wanga,

Moni. Tili bwino. Ndikulemba ndili wokhumudwa pang'ono, ndisakubisire. Unandichititsa manyazi ku golosale. Kulira pa sipika ngati pali maliro, chifukwa cha filimu! Tsopano a Casilda akuuza aliyense kuti walowa mpingo wina woletsa kanema ndi ndolo. Unati ukulemba kalata yofotokoza, koma mpaka lero sindinaone kanthu. Nsapato nazonso zii.

Chitupa ndinamulanda monga unanenera, kuti usati sindikumvera. Chinagona tsiku limodzi m'chitini cha khofi. M'mawa mwake mlonda wa ku fakitale anamubweza pa geti, ndipo mwanayo anabwera n'kukhala pakhomo osadya. Anangondifunsa kuti, "Amalume, ndalakwa chiyani? Wandy ali ndi mkono wa ababa. Ine ndili ndi malaya okha. Ndiwaone kamodzi kokha akuyenda, mundikanize?" Iweyo ukanayankha chiyani? Ndinamubwezera.

Komanso uganize ndi mutu. A Peguero akuzungulirabe. Anabwera kunyumba Lachinayi n'kupempha kuona chitupa cha "mkulu wake wa Wandy". Chichí anachitulutsa, analankhula ndi mawu onenepa monga tinamuphunzitsira, ndipo bamboyo anapita wokhutira. Chikanakhala chitapsa tikanati chiyani? Ukufuna tigwetse nyumba yonse chifukwa cha bere la mzungu?

Ndapeza nzeru, ndipo ukhazike mtima pansi. Ndidzakhala naye mpando woyandikana. Mkaziyo akadzangoyamba kumasula mabatani, ndidzamuvindikira kumaso ndi chipewa changa mpaka atavala. Ndalumbira pa manda a amayi athu. Ine ndekha ndidzayang'ana, kuti ndidziwe nthawi yochotsa chipewacho, usandiganizire zina.

Nkhani yabwino ndi iyi. Anthu a timu nawonso adzakhalapo pa 26, ndi ojambula a nyuzipepala. A Bienvenido akonza zoti Wandy adzaime pakhomo la holo atavala malaya oyera, ajambulidwe pafupi ndi chithunzi cha filimu, mwana wa Fermín wotsatira mapazi a bambo ake. Akuti zimenezi zikweza mtengo wake. Akatha kujambulidwa adzadikira panja ngati mwana wabwino wa zaka 15, a Peguero aone okha kuti ngakhale wa pakhomo akumukaniza. Ukuona mmene Mulungu akukonzera zinthu?

Idya, gona, usiye kuganiza kwambiri. Alamu ako akuti akusungira nyemba zotsekemera za Sabata Loyera mumtima, poti m'mbale sizingafike.

Radhamés

Fakisi, kudzera ku famase ya pafupi ndi kwa a Bienvenido
22 Epulo 2003

Kwa Wandy Polanco. Chonde mupatseni lero lomwe.

Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Pepala ili lidutsa m'manja ambiri, ndiye umve zimene sindikulemba. Amalume ako sanalandire kalata yanga ndipo sakudziwa kanthu. Iwe ukudziwa. Tsiku lija Nicanor anabwera ndi bokosi, unali pansi pa tebulo, ndinaona mapazi ako. Sitinakambiranepo, koma ndikudziwa kuti unamva.

Zonsezo zili mu filimu. Kumapeto kuli foni, ukudziwa foni imene ndikunena, ndi zimene zinatsatira. Mng'ono wako asafike pamenepo. Uchite zimene ungathe. Koma usamale za Julayi, mwana wanga, usaononge kanthu pamaso pa anthu aja. Ndikudziwa kuti ndikukupempha ziwiri. Ndilibe wina.

Mayi ako

Batey Miraflor
28 Epulo 2003

Yudelka,

A Leoncio afika dzulo m'mawa. Akuti anayamba apita ku Santiago kukadya Pasaka ndi abale awo, ndipo kalata inali m'thumba la jekete. Anandipatsa akumwetulira, n'kupempha madzi akumwa. Ndinaiwerenga nditakhala pa njinga. Filimu inali itaonetsedwa dzulo lake. Mlongo wanga, ndilibe nkhope yokuyang'ana nayo. Ndikuuza mmene zinayendera, undiweruze wekha.

Lole inafika mochedwa, anthu akuimba, ine nditalawako pang'ono. Wandy anali pakhomo ndi malaya ake oyera, nkhope ili gwa. Fakisi yako a Bienvenido anaisunga masiku anayi kuti isamusokoneze pa mayeso ake oponya mpira a Lachisanu, anamupatsa masana a Loweruka lomwelo. Anathamangira Chichí pa mzere n'kumugwira mkono.

"Tiye uko, ndikuuze kanthu."

"Ukandiuze tikatuluka, mwana iwe," anatero Chichí, akumugwedezera chitupa kumaso. "Akuluakulu tikulowa. Ndikugulira siwiti."

Anthu anaseka, ojambula anakokera Wandy ku chithunzi, ndipo chikhamu chinatikankhira m'kati.

Chipewa ndinagwiritsa ntchito monga ndinalonjezera. Mkazi uja atavala ndinati ntchito yanga yatha, ndinatuluka kukasuta. Panja ndinapeza a Peguero ndi a Bienvenido akucheza pafupi ndi chitseko, ndi Wandy akuchonderera wa pakhomo. Anali atayesa zonse, kumupatsa wotchi, kunama kuti kunyumba kwabuka moto. Atandiona anandikokera pambali.

"Amalume, kamutulutseni Chichí. Pano pompano."

"Zatha kale, mphwanga. Sanaone ngakhale bondo."

"Si zimenezo! Ababa sanafe pa ngozi."

Ndinamuyankha kuti dzuwa lamuwotcha mutu. Ndinaseka, Yudelka. Mwana akundiuza zoona, ine n'kuseka ndi fodya pakamwa. Nthawi yomweyo wina anatsegula chitseko cha m'kati, ndipo tinamva foni ikuitana mu filimu muja. Wandy anandisiya. Anapita kwa wa pakhomo n'kulankhula ndi mawu ake enieni, a besi aja takhala tikubisa.

"Ndili ndi zaka 18. Ndilowetseni."

"Chitupa?"

"Chitupa changa chili m'katimo, chili ndi mng'ono wanga. Mwalowetsa mwana wa zaka 15. Gwirani apa." Anatenga dzanja la bamboyo n'kulikhudzitsa pa chibwano chake. "Za mwana izi? Mukufuna ndiitane apolisi adzaone amene mwamulowetsa?"

A Peguero anaponda ndudu yawo pang'onopang'ono. "Tabwereza, mnyamata."

"Mwamva kale, bwana."

A Bienvenido anagwira kumutu. Ine ndinamumenya mbama, mwana wako, pamaso pa anthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Wa pakhomo, poopa chindapusa, anapatuka, ndipo Wandy analowa akuthamanga.

Za m'katimo akuuza yekha. Ine ndinakhala panja. Anthu a mudzi wathu anatuluka ali chete ngati akuchokera kumanda, ndipo pa lole pobwerera panalibe woimba. A Casilda abweretsa mphika wa msuzi lero m'mawa osanena liwu limodzi.

Za timu zatha. A Peguero anena kuti dzina la Wandy lipita ku matimu onse. A Bienvenido atumiza chikwama chake pa njinga ya mnzanga. Nsapato zija usagulenso.

Mlongo wako wopanda nzeru,
Radhamés

Batey Miraflor
29 Epulo 2003

Amayi,

Ndidalitseni. Ndili bwino. Tsaya latupa pang'ono koma amalume apepesa kokwanira, mpaka akundichititsa manyazi.

Munandipempha ziwiri. Ndinayesa kugwira zonse mpaka pamene foni inalira, ndipo ndinaona kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pepani za Julayi. Ndikudziwa kuti munkawerengera mkono wanga kuti mubwerere kunyumba.

M'katimo munali mdima, koma nambala 47 ya pa malaya a ababa amene Chichí anavala inkaoneka pa mzere wachitatu. Pamene ndinkafika, mwana wa mu filimu anali akunena mawu aja. Chichí anali atakhala kumapeto kwa mpando, akumwetulira, misozi ili mbwee. Atandiona anati, "Wandy, wamva? Ndine ameneyo!" Sanafunse n'komwe kuti ndalowa bwanji. Pa chinsalu munthu uja anali akuika foni pansi.

Ndinamugwira kolala n'kumuuza kukhutu kuti, "Tuluka. Zotsalazi ndikuuza ndine, osati anthu awa." Anakana. Ndinamunyamula, Amayi, ngati thumba la mpunga, akundimenya kumsana, anthu akutikuwiza kuti tikhale pansi. Ndinatulukira naye khomo la kumbuyo, kumene amataya zinyalala. Anandiluma paphewa. Ndinamupanikiza kukhoma mpaka anatopa.

Tinakhala pa makatoni ndipo ndinamuuza. Sindikanabisanso, poti mudzi wonse unali m'katimo ukuona. Ndinamuuza za phewa la ababa, za kuchotsedwa, za tikiti, ndiponso kuti anadzipha. Kenako anafunsa chimene ndinkaopa.

"Ndiye atangolankhula ndi ine?"

Ndinati, "Ndi iwe uti? Amene ananena mawu aja ndine. Iwe unali ndi zaka zisanu, unali utagona pamiyendo pa amayi. Unangomva tikukamba n'kuyamba kunena kuti ndiwe, ndipo tinakusiya poti zinkakusangalatsa."

Anandiyang'ana. Ndinabwereza kawiri, ndinalumbira. Ndinamuuzanso kuti mawu a mwana sapha munthu, kuti ababa anali atadwala mumtima kalekale, ndipo ine ndakhala nazo zaka khumi koma ndili moyo. Anatsamira paphewa langa lomwe analuma lija, n'kulira mpaka malaya oyera a a Bienvenido anathera pompo.

Ndiye mukadzaimba, nkhani ndi imeneyo. Ndinanena ndine. Musasinthe. Zaka zake ndinatenga, izinso ndingathe kutenga.

Ndayamba kufunsa ntchito ku doko. Kumeneko zaka 18 ndi zabwino, ndipo ndasiya kumeta kawiri. Musalire kwambiri.

Mwana wanu,
Wandy

Batey Miraflor
4 Meyi 2003

Amayi,

Ndidalitseni. Ndikulemba ndekha, amalume ndi Wandy sakudziwa. A Milagros akubwerera kumeneko mawa.

Foni ija ndikuikumbukira. Inali yobiriwira, chingwe chake chinali chomata ndi tepi, ndipo ndinakwera pa mpando kuti ndiifikire. Ababa anati, "Chabwino, bwana wanga." Wandy sanali m'nyumba, anali panja akuponya miyala pa chitini. Ndikudziwa kuti ndinali ine.

Musamuuze. Wataya timu chifukwa cha ine, ndiye msiyeni aziganiza kuti bodza lake lagwira. Akamandiyang'ana ndimayesetsa kudya.

Masana ndimakhulupirira zimene ananena, zoti mawu a mwana sapha munthu. Ndikagona ndiye zimavuta. Sindikukwiyirani. Ndikungofuna munthu amene analipo andiuze mmene mawu a ababa ankamvekera tsiku limenelo ndisanalande foni, ngati anali atatsimikiza kale. Wandy sakudziwa, Nicanor sindikumufuna. Mwatsala ndinu.

Filimu ikuonetsedwabe mpaka Lachinayi. Dzulo ndinapita, ndinaima pa mzere, chitupa chili m'manja. Wa pakhomo anali wina, sakanandidziwa. Nditafika kutsogolo ndinabwerera. Chitupacho ndachiika m'chikwama cha Wandy, ndi dzina lake, akakonzetse chithunzi. Ku fakitale sindipitanso. Ndikufuna kubwerera kusukulu, m'kalasi la anzanga.

Ndikudziwa kuti mukabwera simudzabwereranso, ndiponso kuti ndalama kulibe. Tidzadya nthochi zophika. Amalume akuti ndine mwamuna tsopano, a Casilda akuti ndalimba mtima ngati bambo anga, ndipo ine ndimangovomera. Koma inu mukudziwa, munandibereka ndinu. Ndili ndi zaka 15, Amayi. Bwerani.

Chichí